Nambala 14 ya a Reinford

Mwamuna wanga Mose atamwalira mu 2004, ine Ndaziona sindinaope kukhala ndekha mu Nairobi. Chimene chinandiopsa chinabwera patatha chaka: mawu ake anayamba kundithawa m'mutu. Nkhope inalipo pazithunzi, koma mwana wathu Joanna akafunsa kuti adadi ankalankhula bwanji, ndinkangoti kakasi.

Amene anandithandiza ndi a Reinford, bambo wa ku Ntcheu amene ankagwira ntchito mosungira katundu ku Industrial Area. Anali munthu wofatsa, wa malaya osita bwino, cholembera chili pathumba. Mowa ayi, mpira ayi. Matenda awo anali amodzi basi: gulu loimba la Mabati Saba, anyamata a ku Donholm a magitala aphokoso amene ankajambula okha nyimbo zawo m'galaja. Anyamatawa ankatulutsa makaseti ngati nkhuku yoikira mazira, mwina atatu pachaka. A Reinford ankagula iliyonse, kuilemba nambala, n'kuindandalika pashelefu.

Lamlungu tikaweruka kutchalitchi, Amalawi angapo tinkakathera kwawo, ndipo matendawo anatipatsira tonse. Mpaka mu 1999 pamene kunatuluka nambala 14. Woimba ng'oma anali atachoka m'gululo, ndipo nyimbo zonse zinali zozizira, zokoka. Tinakhumudwa kwabasi. Mnzathu Spencer anati ndi nyimbo zamaliro. Ambiri tinafufuta makaseti athu n'kujambulapo mauthenga otumiza kumudzi. A Reinford okha ndiwo anakakamira.

"Simunaimvetsere," ankatero. "Mukungofuna zovina."

Mose wanga anali wanthabwala zopitirira muyeso. Anabwereka kaseti ya a Reinford, n'kumata selotepu pa timabowo take toletsa kujambula, n'kujambula mawu ake pakati pa nyimbo yachisanu. A Reinford atazindikira anapsa mtima. Kwa miyezi iwiri moni wawo anali wapakhosi, ndipo kuyambira pamenepo sanabwereketsenso kaseti kwa munthu. Ine nkhani imeneyi ndinali nditaiiwaliratu.

Loweruka lina masana mu 2005 a Reinford anatulukira kunyumba kwanga ku Pangani, atanyamula wailesi m'jumbo, thukuta lili kamukamu chifukwa chopanikizana m'matatu, maminibasi a mu Nairobi.

"Mayi a Joanna, ndabwera ndi nambala 14."

"Iii, a Reinford, nyimbo zamaliro zija? Maliro sanatikwane?"

"Pole, pepani mayi. Koma takhalani pansi. Ndinamva mwanayu akufunsa kutchalitchi kuja."

Apo ndinakumbukira. Ndinawapempha kuti athamangitse kaseti ifike pa nyimbo yachisanu. Anakana.

"Yakalamba iyi. Mukaithamangitsa iduka. Tiyambira poyambira."

Ndinakwiya, kunena zoona. Koma ndikanatani? Ndinakhala pampando, Joanna ali pamiyendo, n'kumvetsera nyimbo zimene ndinazinyoza kwa zaka zisanu ndi chimodzi. Yoyamba inadutsa ndikungoyang'ana wotchi. Pa yachitatu ndinasiya kuyang'ana. Woimbayo ankanena za munthu amene amapitabe pasiteji kukachingamira mnzake amene anasiya kalekale kutsika pamenepo. Gitala inkayenda pang'onopang'ono, osafulumira kumutonthoza. Ndinachita manyazi. Anyamata aja anali ataimba zimene ifeyo tinali tisanakumane nazo.

Nyimbo yachisanu ili pakati, panamveka kuti khe! Kenako:

"Achimwene a Reinford, ndine Mose. Ndati ndikudzutseni, mwagona mokwanira. Ndaziona, tabwera uwauze akuluwa kuti nyimbozi n'zoipa!"

Chapatali ndinadzimva ndekha ndikuseka, mbale zikulira kukhitchini. Zonse sizinakwane mphindi imodzi, nyimbo n'kupitirira.

Joanna anatembenuka. "Amenewo ndi adadi?"

Ndinagwedeza mutu kuvomera. A Reinford anali kuyang'ana kuwindo, akupukuta magalasi amene sanade n'komwe.

Masiku ano anzathu aja onse amati nambala 14 ndiyo kaseti yabwino kuposa zonse za Mabati Saba. Spencer amafika ponena kuti iye anadziwa kuyambira tsiku loyamba, bodza la masanasana. Ine sinditsutsana nawo. Ndimangodziwa kuti ndinaikonda chifukwa njira yopita kwa Mose inkadutsa m'nyimbo zinayi ndi theka, ndipo ndinaiyenda kambirimbiri.

Ndimawathokoza bambo amenewa. Tinkawaseka kuti ndi ouma mutu, koma kuuma mutu komweko n'kumene kunasunga kaseti imene wina aliyense akanaitaya tsiku lomwe inaonongedwa.

Nditajambulitsa mawuwo pa sidi, ndinapita nayo kaseti kwa a Reinford kuti ndikabweze. Anaibwezera m'chikwama changa.

"Imeneyi sinalinso yanga kuyambira tsiku limene Mose anailankhulira," anatero.

Pashelefu pawo pali makaseti 31 a Mabati Saba. Pakati pa 13 ndi 15 pali mpata, ndipo mpaka lero sanautseke.