Nkhope ya Apongozi Pakhoma

"Unamuyang'ana liti? Yankha, iwe mkamwini! Mlongo wanga unamuyang'ana uli pati, kuti mpaka umudziwe makwinya onse?"

Amene ankakalipa choncho anali a Chimkwende, mwini mbumba, malume ake a Monika. Amene ankakalipiridwa anali Gerevazio, mwamuna wa Monikayo, atakhala pansi pafupi ndi nkhokwe imene anamanga yekha, zikhadabo zidakali mbuu ndi dothi loyera. Mlandu wake unali wakuti anajambula nkhope ya apongozi ake aakazi, a Nangondo, pakhoma la nyumba yopemphereramo, ndipo anaijambula bwino. Inde, mwamva bwino. Akanaijambula moipa, bwenzi anthu atangoseka n'kumapita kumunda.

Koma mlandu suyambira pabwalo. Tiyeni tibwerere kumene munthuyu anachokera.

Gerevazio anali wa cha ku Chimbiya. Asanakwatire anali mtengatenga, wosenza akatundu a Azungu kuchokera ku boma la Dedza kupita ku Lilongwe, nkhondo ya Azungu ija isanayambe. Ulendo wina m'katundu wake munali chitini cha tiyi chokhala ndi chithunzi cha njovu. Atatula katundu kuti apume, anzake anayamba kufwenkha fodya, iye ali yekha kutembenuza chitinicho. Kapitawo wa amtengatengawo atamuuza kuti njovuyo anaichita ndi munthu, ndi dzanja, mtima unamuwawa. Sindikunena kusirira ayi, kuwawa ndithu. Munthu mnzake, wa zala zisanu ngati iye!

Anatola khala pamoto n'kuyamba kukanda pathanthwe. Atamaliza, anzake anabwera kudzaona.

"Taonani mtondo wamera miyendo!"

"Bodza iwe, imeneyo ndi nkhokwe yagwa ndi mphepo."

"Ndi njovu," anatero Gerevazio.

"Njovu ikamva zimenezi ikupondatu mphwanga!"

Wina akanaleka pomwepo. Iye ayi. Paliponse pamene aulendo atula katundu, ankasiya chinthu pamwala: mbuzi zonga mipando, nkhuku zonga zikho, ng'ombe ya miyendo yonse yotulukira pamalo amodzi. Anavutika choncho mpaka anazindikira yekha pamene pankalakwika. Ankajambula mbuzi ya m'mutu mwake, mbuzi yeniyeni ili pomwepo ikudya udzu. Kuyambira pamenepo anaphunzira kuyamba wayang'ana, khala lili m'manja osalikhudzitsa pamwala. M'mawa wa chisanu, nkhungu itakuta phiri, anzake akuothera moto, iye ankakhala pakhola atanjuta, kudikira kuti mbuzi idzuke aone mmene mwendo wakumbuyo umapindikira. Anapeza kuti umapindikira chobwerera m'mbuyo. Analengeza zimenezi ngati wapeza mchere, ndipo anzake anati mutu wa mnyamatayu wadyedwa ndi katundu.

Kenako anakwatira Monika n'kukakhala chikamwini kumudzi kwa mkazi wake, m'mapiri momwemo. Apa ndiye mvetsetsani, chifukwa pali anthu amene ananena kuti Gerevazio anali mkamwini wamwano. Linali bodza lamkunkhuniza! Analima munda wa apongozi ake asanagwire wake. Anafolera nyumba yawo. Mwambo wopewana ndi apongozi aakazi anausunga kuposa akamwini onse a m'mudzimo. Akangomva kutsokomola kwa a Nangondo panjira, ankalowa m'tchire osasankha poponda, mpaka tsiku lina anathawira m'chitedze nabwera kunyumba akudzikanda ngati galu. Akafuna kuwauza kanthu, ankatuma Monika, kapena ankalankhula ali kuseri kwa mpanda. Mawu awo ankawadziwa. Zidendene zawo ankazidziwa. Nkhope sanaionepo.

Kujambula kokha ndiko sanasiye. Nthawi ya chilimwe amayi akamazira nyumba zawo, iye ankapempha zotsala: katondo wofiira, dothi loyera la kudambo, mwaye wa kudenga. Amayiwo ankamuseka Monika pachitsime.

"Iwe Monika, unakwatiwa ndi mwamuna kapena unapeza mnzako wozira naye?"

"Nkhokwe yathu mwaiona?" Monika ankayankha. "Amuna anu osazirawo yawo ili kuti?"

Khoma la kuseri kwa nyumba yawo linasanduka sukulu yake. Mvula ikabwera inkatsuka zonse, chilimwe chikafika ankayambiranso, ndipo chaka chilichonse dzanja linkamvera kuposa chaka chatha. Zala zitamukanika kutulutsa mizere yaing'ono, anatafuna kamtengo mpaka kanachita manyenje. Kamtengoko katamukwana, anamanga ubweya wa mbuzi kunthenga ya nkhuku. Ziweto atazigonjetsa, anafuna anthu, ndipo apa analiranso. Mitu inkatuluka ngati maungu, maso ali pamwamba penipeni, ngati munthu alibe chipumi.

Munthu yekha amene akanatha kumuyang'anitsitsa popanda mlandu anali mkazi wake. Monika akamasinja, iye pomwepo. Akamapeta, iye pomwepo.

"Abambo a Agnesi, mundithera nkhope ndi maso anuwa."

"Tangotembenukirani kuno pang'ono."

"Nditembenuke, gaga alowe m'maso? Kajambuleni mbuzi zanu, izo sizigwira ntchito!"

Koma ankatembenuka. Pa nkhope imeneyo Gerevazio anaphunzira kuti maso amakhala pakati pa mutu. Anaphunzira kusungunula mwaye ndi madzi ambiri kuti pakhale kamthunzi pansi pa mlomo. Anaphunzira kuti Monika akakwiya mlomo wake umapendekera kumanzere. Chaka china amayi opita kuchitsime anaima kuseri kwa nyumbayo, mitsuko ili pamutu, wina nafuula kuti, "Ha! Monika wamatidwa pakhoma!" Tsiku limenelo palibe anaseka. Gerevazio anayenda m'mudzimo phazi losagunda pansi.

Tsopano alowe munthu amene ndikufuna mumuyang'anitsitse. Dzina lake Timoteyo, mphunzitsi wotumidwa ndi a kumishoni, mwini jekete yoyera ndi kandodo kolozera. Ndiye ankaphunzitsa ana kuwerenga ndi akulu kupemphera m'nyumba imodzi yomweyo yaudzu. Ndiye anaphunzitsa Gerevazio ndi Monika mpaka anabatizidwa, ukwati wawo n'kudalitsidwa. Ndiye ankamenya tebulo Lamulungu lililonse kuti ukwati wodalitsidwa palibe munthu angaumasule, kaya malume, kaya ndani.

Timoteyo anali ndi vuto limodzi: amayi achikulire sankabwera. Ankati zimenezo n'za ana. Ndipo amene ankawatsogolera pokana anali a Nangondo, namkungwi wa mudziwo, wolangiza atsikana kuchinamwali. Tsiku lina Timoteyo anafika pakhomo pa Gerevazio, mano onse panja.

"Achimwene, luso lanuli lisamangothera kuseri kwa nyumba. Mundijambulire pakhoma la mkati, pamene sipafika mvula. Ndikufuna mayi wokalamba atagwada, akulandira ubatizo, kuti agogo athuwa aone kuti si za ana okha."

"Mayi wake uti?"

"Nkhalamba iliyonse. Ya m'mutu mwanu."

Pamene sipafika mvula! Mawu amenewo ndiwo anamugwira Gerevazio. Zaka zonsezi ntchito yake inkapita ndi madzi. Anavomera asanaganize.

Koma za m'mutu anali atazisiya kalekale, ndipo mkamwini angakhale bwanji pansi n'kumayang'anitsitsa nkhalamba za eni mudzi? Choncho anatenga nkhope imene dzanja lake linkaidziwa bwino, ya mkazi wake, n'kuyamba kuikalambitsa. Anaphwetsa masaya. Anakokera zikope pansi. Anadula makwinya kuchokera pamphuno kutsikira kumlomo, napaka dothi loyera m'tsitsi. Mlomo anausiya wopendekera kumanzere, chifukwa ankaona kuti nkhalamba yogwada pansi pozizira singakhale yosekerera. Sanajambulepo chinthu chokoma chotero. Ataimirira patali kuchiyang'ana, anaona mayi wachilendo, wolemekezeka, amene sanakumane naye chibadwire. Akanawazindikira bwanji? Munthu ungazindikire nkhope imene sunaionepo?

Timoteyo ndiye anazindikira. Analowa, anayang'ana, anagwira pakamwa, naseka mpaka misozi. Gerevazio atafunsa chimene chikuseketsa, iye anati, "Palibe, achimwene, chakoma basi." Mawu amodzi okha akanakwana. Akanati, "Awatu ndi apongozi anu, sinthani mphuno." Sananene.

Lamulungu, anthu atakhala pansi, Timoteyo anatenga kandodo kake kaja n'kugogoda pakhoma.

"Mukuwaona awa? Mwawadziwa? Ngakhale a Nangondo agwada! Nanga inu mukudikira chiyani?"

Gerevazio anamva ngati amuthira madzi a kumtsinje nthawi ya chisanu. Pofika masana mudzi wonse unali utapanikizana pakhomo la nyumbayo, ndi a midzi ina omwe. Timoteyo sanaonepo khamu lotero, ndipo ankangoyendayenda akukonza jekete. A Nangondo nawo anabwera, anthu anawapatukira. Anayang'ana kanthawi, kenako anafunda nsalu kumutu n'kutuluka akulira kuti, "Andivula! Mwana wa eni wandivula pagulu, wandigwaditsa pamene sindinagwade!"

Ndi mmene tinafikira pa mawu a a Chimkwende aja.

"Malume," anatero Gerevazio, maso ali pansi, "apongozi anga sindinawayang'anepo. Nkhope ija ndi ya mwana wanu Monika. Ndinangoikalambitsa."

"Tamumvani! Ndiye ukumuitanira mwana wathu ukalamba asanathe n'kubereka komwe?"

"Nanga mlomo?" Anali mawu a a Nangondo, kuchokera kuseri kwa mpanda. "Mufunseni za mlomo wopendeka. Anauona kuti ngati sankandisuzumira?"

Monika anadzambatuka. "Amayi, mlomowo suli panowu? Tauonani, wapendeka panopa! Munandibereka ndinu, mumati ndifanane ndi ndani, ndi nkhosa?"

"Khala pansi iwe! Akulu akulankhula."

Alufeo, mkulu wake wa Gerevazio, amene anabwera ngati nkhoswe, anayesa kuziziritsa. Anati mphwakeyo apereke nkhuku yopepesera, kapena mbuzi. Anati aitanidwe mphunzitsi afotokoze yekha kuti anapempha nkhalamba yopanda dzina, ndi kuti amene anatchula dzina la a Nangondo pagulu ndi iye. Anatuma munthu. Munthuyo anabwerera yekha, ndi uthenga wakuti aphunzitsi akuti nkhani za m'banja salowerera.

Za m'banja! Munthu amene anamenya tebulo mpaka kuling'alula pa nkhani za m'banja zomwezo!

A Chimkwende sanafunenso zambiri. Anati mkamwini amene maso ake sadziwa malire sangakhale pamudzi pawo, ndipo mbuzi singabweze ulemu wa namkungwi amene atsikana ayamba kale kumuseka. Anatulutsa mphasa ya Gerevazio, khasu lake ndi nkhwangwa yake n'kuziika pabwalo. Nkhokwe yodzaza ija inatsala. Dimba la mbatata limene anatswa ndi manja ake linatsala. Agnesi ndi mng'ono wake wa kumsana anatsala, pakuti ana ndi a kwa mayi. Monika anagwira mphasayo n'kumakokana ndi malume ake mpaka amayi anzake anamugwira n'kumulowetsa m'nyumba, akukuwa dzina la mwamuna wake.

Inu anthu, ndiuzeni. Zaka zonse zimene ankajambula mitondo ya miyendo, palibe anamulanda kanthu. Tsiku limene dzanja lake lakhwima, ndiye tsiku lomuchotsera mkazi ndi ana?

Gerevazio anasenza mphasa, Alufeo anatenga khasu ndi nkhwangwa, nayamba kutsika. Njira yotulukira m'mudzimo inkadutsa pa nyumba yopemphereramo. Chitseko chinali chotsegula. Gerevazio anafuna kuona ntchito yake komaliza, nasuzumira.

Timoteyo anali mkatimo, jekete atakoleka pamsomali, phale la matope lili pambali. Anali atamva kuti wansembe wa kumishoni akubwera kudzayendera sukulu, ndipo sankafuna kuti apeze chinthu chodzetsa mafunso. Dzanja lake linali litamata kale tsitsi ndi diso limodzi la nkhope ija.

Mphasa inagwa pansi. Munthu uja wothawira m'chitedze, amene sanakwezepo mawu m'mudzi wa eni, anamugwira mphunzitsi pamkono mpaka matope anachucha pakati pa zala.

"Achimwene, pepani, ndisiyeni, ndikungofuna kuti nkhaniyi ithe..."

"Ithe? Yathera ine, inu sinakuthereni! Dzanja lichoke pakhomapo. Munaona, munaseka, munakhala chete. Dzina munatchula ndinu, kandodo kali m'manja. Ukwati umene munati sumasulidwa aumasula lero, inu muli muno kukanya matope. Alufeo, kaitaneni a Chimkwende, kaitaneni ndi apongozi anga omwe, aime kuseri kwa khomali amve. Sindichoka pakhomo pano, ngakhale wansembeyo andipeze pompano. Valani jekete yanu, a Timoteyo, mutuluke panja, muyankhe pamaso pa anthu: ana anga ndawasiya chifukwa cha ndani?"