Phunziro la Dziko Lopanda Nthaka

Chifuwa chinayamba nyengo ya chiperoni, ine nkumati ndi fumbi la choko. Ndimaphunzitsa sayansi pa sekondale ina kufupi ndi Nkando. Patatha milungu itatu ndinayamba kudzuka malaya atanyowa ndi thukuta, thalauza nkumakhwepa m'chiuno. Mkazi wanga ankandiumiriza kupita kuchipatala, koma ndinkakana. Ndinkaopa kuti makolo a ana asukulu andiona pa benchi la odwala chifuwa chachikulu nkuyamba kunong'ona za matenda enawa.

Teremu imeneyo ndinali ndi phunziro limene ndinkalikonda kwambiri, la dziko lalikulu la mpweya wokhawokha, lozungulira nyenyezi ina yakutali. Ndinkauza ana a Fomu 3 kuti atseke mawindo chifukwa cha kuzizira, atsinzine, aganize kuti akutsikira kumeneko. Kulibe nthaka yopondapo. Mitambo yake ndi yokhuthala kuposa ya pa nsonga ya phiri ya Sapitwa, mkuntho sulekeza, ndipo ukamatsika mpweya umakupsinja mpaka nthiti kuphwanyika. Tinapitiriza masiku angapo, mawindo ali chitsekere, ine ndikutsokomola. Lachinayi lina, ndikufotokoza za kutentha kwa mkati mwa dzikolo, ndinalavula magazi pa mpango nkugwa patsogolo pa bolodi.

Kuchipatala anandiyeza makhololo ndi kundiunika pachifuwa. Chinali chifuwa chachikulu. Ndinagona m'wodi milungu iwiri, kumwa mapilitsi m'mawa uliwonse namwino akuyang'ana. Tsiku loyamba namwinoyo anandifunsa, "Aphunzitsi, mwatsokomola nthawi yaitali bwanji?" Nditati miyezi iwiri, anangolemba, kenako anati, "Onse a kunyumba akayezedwe, ndi ana a m'kalasi mwanu omwe."

Chifuwacho chinapezeka mwa Esnati, mtsikana wa pa desiki lakutsogolo, amene anandifunsapo kuti mvula ikagwa kudziko lopanda nthaka imathera kuti. Anajomba kusukulu teremu yonse. Mayi ake, othyola tiyi ku esiteti, ndinkakumana nawo pamzere wolandirira mankhwala. Ankandipatsa moni mwaulemu, "Mwadzuka bwanji, aphunzitsi?" Ine ndinkayankha nditazolika.

Ndinamwa mankhwala miyezi isanu ndi umodzi osadumphitsa. Tsopano ndachira, thupi labwerera, ndikuphunzitsanso. Esnati nayenso anachira, koma akubwereza kalasi pamene anzake akukonzekera mayeso a Fomu 4.

Mukatsokomola milungu iwiri, pitani kuchipatala msanga. Mankhwala alipo ndipo amachiritsa. Koma chaka chimene mwanayu wataya, palibe dokotala amene angamubwezere, ndipo sindinapezebe mawu okapepesera mayi ake.