Tsiku Limene Azakhali Anabereka Mlangizi

Azakhali anga amakhala kutsidya kwa mtsinje, ndipo ntchito yawo ndi youmba mbaula zadothi. Nkhani yawoyi ndiyesetsa kuifotokoza monga inachitikira, chifukwa ena amaithira mchere wambiri.

Mvula ikayamba, ana akutsidya sankapita kusukulu pokhapokha azakhali atawabereka mmodzimmodzi, madzi akulekeza m'chiuno. Mtsinje ukadzaza kwambiri, onse ankangokhala. Mwana wawo wamkazi, msuweni wanga, anali atabwereza kale kalasi lomaliza chifukwa chojomba, ndipo anali atangotsala ndi mwayi umodzi wokha.

Bungwe lina lachitukuko linkabwera kudzafunsa anthu zimene akufuna. Koma misonkhano inkachitikira pabwalo la sukulu, pomwe galimoto imafika, komanso m'dzinja. Oimika manja ankakhala akumsewu okhaokha. Anapeza mjigo, kenako shedi ya pamsika. Za mlatho, zii.

Pamsonkhano wotsatira azakhali anatulukira chitenje chili chonyowa, n'kuima patsogolo pa mlangizi wa bungwelo, mayi wa nsapato zogogoda.

"Mayi, mwati onse avomereza. Onsewo ndi ati? Tiyeni mukawaone otsalawo."

"Nanga ndioloka bwanji, amayi?" anafunsa mlangiziyo.

"Msana uwu mukuuona? Wanyamula ana, odwala, ngakhale alamu anga awa ataledzera!"

"Aaa, mlamu, zinazi sitinena pagulu!" anakuwa alamuwo, anthu n'kufa nacho chiseko.

Mlangizi anavuladi nsapato. Pamtsinje azakhali anawerama, iye n'kukwera. Atafika pakati anatsinzina, atakakamira khosi la azakhali.

"Musanditsamwitse, mayi! Ana amagwira paphewa."

Khamu lonse linatsatira, abambo atapinda mathalauza, ena akuterereka pamiyala, ena akukuwa kuti madzi akuwakoka. Kutsidya anthu ankatuluka m'nyumba akuthamanga, nthungululu zili pakamwa. Msonkhano unachitikira pakhomo pa azakhali, pakati pa mbaula zoyanika. Mlangizi atafunsa za mlatho, manja anakwera onse, ndi akumsewu omwe, zovala zikudontha madzi!

Sindinganene kuti zonse zinayenda bwino, poti simenti inachedwa ndipo tinakanganapo za mchenga. Koma bungwe linabweretsa zitsulo, ife tinatuta miyala, akumsewu ndi akutsidya pamzere umodzi. Mlatho unatha dzinja lina lisanafike. Msuweni wanga sanajombenso, ndipo tsiku la mayeso anaoloka yekha, nsapato zili kumapazi, amayi ake akumukuwira kuti asathamange.