Nsungwi za ku Mphangwe

Mpaka lero ndikamva fungo la nsungwi yongodulidwa kumene, mtima umabwerera ku Katete, m'masika a chaka china cha nthawi ya Chitaganya. Ndinali kamtsikana ka zaka zisanu ndi zinayi. Atate anali atangobwera kuchokera ku migodi, mwendo wakumanzere utapindika chifukwa mwala unawagwera, ndipo ankayenda motsimphina ndi ndodo.

Kwathu mwamuna amakhala kumudzi kwa mkazi, ndipo mkamwini amadziwika ndi ntchito ya manja ake. Chaka chimenecho chimanga chinacha bwino, koma nkhokwe yathu inali itatha ndi chiswe. Ndinamva ndi makutu angawa amalume, alongo awo a amayi, akunena kuseri kwa khola kuti mkamwini wolephera kuluka nkhokwe abwerere kwawo ku Sinda. Ndinachita mantha kwambiri. Munthu wangobwera dzulodzuloli, ndiye achokenso?

M'mawa wina atate anatenga chikwanje n'kunena kuti, "Nabanda, tiye ku phiri la Mphangwe tikadule nsungwi." Mame ananyowetsa diresi langa mpaka m'chiuno, ndipo tsekera ankandicheka m'miyendo. Titayamba kukwera, njira inasanduka miyala yokhayokha, anyani ali pathanthwe kutikuwiza ngati tawabera. Atate ankati akayenda pang'ono, n'kukhala pamwala. "Taona uko, ndi dziko la Apwitikizi," ankatero akuloza kum'mwera. Tikasunthanso pang'ono, n'kukhalanso, ati andionetse fumbi la lole pamsewu wa ku Lusaka. Ine ndinali nditangodziwa kumene masamu kusukulu ya mishoni, ndiye ndinkawerenga mumtima nthawi iliyonse akakhala pansi.

Nsungwi tinazipeza m'kachigwa ka pafupi ndi nsonga, momwe munkayenda timadzi tozizira mpaka mano kuwawa. Tinadya mbatata yootcha, mphepo ikutiomba, midzi yonse ili pansi pathu. Atate anadula nsungwi, anazisadza, n'kumanga mtolo ndi luzi. Kusenza kunakanika, choncho potsika ankaukoka pansi, milomo itayera mbuu, malaya ali chonyowa. Ine ndinasenza ziwiri pamutu, ndikudziona ngati munthu wamkulu.

Tinafika dzuwa litapendeka, amalume ali pabwalo akusema mpini wa khasu. Ndiye pakamwa pangapa, abale! Ndisanatule n'komwe ndinafuula kuti, "Amayi, atate akhala pansi kakhumi ndi kanayi! Ndawerenga ndekha!" Amayi anasiya kupeta. Atate anangowerama, ndipo pomwepo ndinazindikira kuti ndawaulula pamaso pa munthu amene ankafuna kuwathamangitsa. Ndinayamba kulira.

Amalume anadzuka. Anagwira mtolo uja kuti aunyamule, unawakanika, anachita kubwereza ndi manja onse. Anayang'ana phiri, kenako mwendo wa atate.

"Alamu, mwachoka nazo pamwamba paja?"

"Pomwe paja," atate anayankha.

"Mtolo umodzi sukwana nkhokwe. Mawa tipitira limodzi. Inu muzikadula, ine ndizikasenza."

Nkhokweyo inalukidwa chimanga chisanakololedwe, ndipo atate anakalambira m'mudzi womwewo. Kwa zaka zambiri ndinkachita manyazi ndi tsiku limenelo, poganiza kuti amalume anangomva chisoni ndi misozi yanga. Pano nanenso mawondo akundivuta pachitunda, ndipo ndikuona kuti tonse awiri tinawerenga chinthu chimodzi. Ine ndinawerenga kuti atate anakhala pansi kangati, amalume anawerenga kuti anadzuka kangati.