Madola anga achitsulo

Zopita ku Dubai ndinaziganiza pamaliro a mwana wanga Mariamu. Anthu akulira uko, ine maso ali pa Hawa, mtsikana amene Mariamu anandisiyira. Anali mu Folomu 1 nthawi imeneyo. Anatenga chikalata cha kuchipatala n'kutiwerengera ife osaphunzirafe chimene chapha mayi ake, Chingerezi chonsecho osapunthwa ngakhale pamodzi. Ndinati mumtima, uyu sadzagulitsa zitumbuwa pa Ntaja ngati ine, uyu adzavala zoyera za unamwino. Koma zoyerazo zimafuna ndalama, ndipo zitumbuwa sizinaphunzitsepo munthu.

Ndiye nditamva kuti kuli ejenti wotenga azimayi okagwira ntchito m'nyumba, ndinagulitsa mbuzi zanga zonse ndi kadimba komwe. Mwana wanga wamwamuna, Yusufu, anaseka mpaka kugwira nthiti. "Amayi, inu ndege? Minibasi ya ku Liwonde yomwe mumasanza?" Ndinamuuza kuti wokasanzayo ndine, iye angosunga mwana wa mlongo wake, fizi ndizitumiza.

Kutentha kwa ku Dubai, abale anga, kwa ku Nsanje ndi mwana. Anandiika m'nyumba ina ku Al Garhoud, pafupi penipeni ndi bwalo la ndege. Bwana wanga anali mzungu wa ku Amerika, Bwana Gari, wamtali ngati mlongoti, wosakwatira, wodya masamba osaphika ngati mbuzi. Sanali woipa, ndisamunamizire. Sanandimenyepo, salale sinkachedwa. Koma kachipinda kanga kanali kuseri kwa khitchini, zenera lake ngati bokosi la machesi, ndipo tsiku lonse linkatha osayankhula ndi munthu. Ine amene pa Ntaja ankandimva kuchokera kumsika mpaka kumzikiti! Ndinayamba kuyankhula ndi mapoto. Ndege ikamadutsa pamwamba mbale n'kumanjenjemera, ndinkaifunsa kuti iwe, ukupita kwathu kapena?

Kuwerenga sindidziwa, ndiye kwathu ankanditumizira mavoisi pafoni. Mavoisi a Hawa anali aafupi, kungondifunsa ngati ndadya. A Yusufu ndiye ayi. Mvetserani mmene ankayambira, kamawu kofewa ngati ka mwana wodwala: "Amayi, shuga watha. Amayi, apongozi anu agonekedwa. Amayi, tayala laphulika." Tayala la chiyani? Ndipamene ndinadziwa kuti ndalama zimene ndinatumiza za malata zinasanduka njinga yamoto ya kabaza. Hawa anamubweza kusukulu kawiri chifukwa cha fizi, fizi yomwe ine ndinali nditatumiza kale. Ndinakalipa pafoni mpaka Bwana Gari anabwera kudzasuzumira, akuganiza kuti ndapsa ndi mafuta.

Tsiku lina ndikusesa m'sitolo ya m'nyumbamo ndinafuna kusuntha kabokosi kakang'ono, kochepa kuposa njerwa ziwiri. Msana unati thyo. Ndinatsegula. Munali timipukutu ta pepala, m'kati mwake ndalama zachitsulo zowala ngati golide, iliyonse ili ndi nkhope ya nkhalamba ya chizungu, ena a ndevu, ena a dazi. Mabokosi otero anali mulu pakona. Bwana atandipeza anangoseka, n'kundifotokozera zambirimbiri m'mphuno mwakemo. Ine ndinatolapo mawu awiri okha: dola, ndi mapointi. Anandipatsa kampukutu kamodzi, akuti ya Idi.

Amene anandimasulira ndi mnzanga Amake Taonga, mayi wa ku Chipata amene ankagwira nyumba yoyandikana nayo. Tsiku lathu lopuma tinkakwera sitima kupita ku Naif, kukakhala pa benchi ndi tiyi wa karaki, kumaonera anthu. Ndinamuonetsa kampukutu kaja. Anati, "Imwe amai, uja muzungu ni wochenjera maningi." Akuti kwawoko kale boma linkagulitsa madola achitsulowa, dola pa dola, n'kukubweretsera pakhomo. Iye ankagula ndi khadi la kubanki lija lokongoza, ndipo dola iliyonse imene wagulira chinthu ndi khadilo, a ndege ankamulembera mapointi. Akalandira zitsulozo ankazinyamula kukaziika kubanki, n'kubweza ngongole ya khadi ija. Ndalama imangozungulira ngati mbuzi pachingwe, osapita kulikonse, koma mapointi akuunjikana, munthu n'kumakwera ndege ulere. Kenaka banki yake inatopa naye n'kumukaniza, masewerawo anatsekedwa, ndiye mabokosi otsalawo anabwera nawo ku Dubai pamodzi ndi mipando.

Ine za mapointizo sizinandikhudze. Chimene chinalowa m'mutu mwanga n'chakuti iyi ndi dola yeniyeni, ndipo ndalama yachitsulo siilowa m'foni. Yusufu angalire bwanji, sindingathe kuitumiza ngakhale mtima utafewa. Chifukwa vuto langa linali limenelo, mtima. Ndikamva "Amayi" ndinkathamangira kokatumiza.

Amake Taonga anati tiyese kaye. Tinalowa mosinthira ndalama pa Naif pomwepo, ndinaponya imodzi pansi pa galasi. Mmwenye wa m'katimo sanaigwire n'komwe, anangoikankha ndi cholembera. "Koini nahi, mama. Khalasi." Ndiye kuti zachitsulo ayi, nkhani yatha. Mnzanga anandigwira mkono, akuti mwaona, zilekeni izi. Ine ndinamuseka. Ndinati awa ndi okhuta, dola amapondapo. Kwathu anthu akugona pamzere wa petulo chifukwa dziko lilibe dola, mankhwala kulibe chifukwa cha dola, ndiye ine ndifike ndi dola wina aikankhe ndi cholembera? Adzandiyalira mkeka.

Madzulo ake ndinamuuza bwana kuti mwezi uliwonse azindidula pa salale, m'malo mwake azindipatsa timipukutu tiwiri. Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Mama, yu shuwa?" Ananena ndithu kuti mabanki a ku Dubai sazilandira, zimenezo sindingamubisire. Ndinati, "Shuwa, bwana, yalla, tiyeni." Anamwetulira. Nthawi imeneyo ndinkati akusangalala ndi nzeru zanga. Lero ndimakuona kumwetulira kuja ndikatseka maso, kunali kwa munthu amene wina wamulandira katundu pamutu.

Zaka zitatu ndi miyezi ndinkaunjika m'thumba la mpunga pansi pa bedi. Kwathu ndinkatumiza fizi ndi kangachepe ka ndiwo basi. Yusufu anayamba kunyogodola, akuti kodi mwakwatiwa kumeneko, Amayi? Ndikasowa tulo, ndikadwala mutu wopanda wondifunsa, ndinkagwira thumba lija ndi phazi, kulikankha, osasuntha. Kulemera kwakeko ndiye kunali mnzanga. Ndinkati apa pagona diresi loyera la Hawa, apa nsapato, apa kawotchi kaja amapachika pachifuwa.

Ndiye inabwera voisi imene ndinaidikira zaka zinayi. "Anganga, ndakhoza. Anditenga kusukulu ya unamwino." Anati fizi ya chigawo choyamba ikufunika mwezi usanathe, apo ayi malo apatsa wina. Ndinavina m'khitchini ndi chikolopa m'manja. Ndinauza bwana kuti khalasi, ndikupita. Tikiti anandigulira yekha, ndi mapointi. Mapointi omwe aja, a zitsulo zomwe zija. Iye anadya kawiri, ine ndikuthokoza, shukurani bwana, shukurani.

Pabwalo la ndege sikelo inakana. Thumba lija lokha linadya pafupifupi makilo onse amene amalola. Ndinatsegula sutikesi pansi, anthu akundilambalala, n'kuyamba kutulutsa: bulangete la Yusufu, poto wamagetsi wophikira mpunga, nsalu za apongozi, nsapato zimene ndinamugulira Hawa. Zonse ndinamusiyira Amake Taonga amene anandiperekeza. Iye akulira, ine ndikumutonthoza, ndikuti usadandaule mnzanga, ndikagula zina ku Limbe, ndili ndi dola.

Pa Chileka anabwera Yusufu ndi Hawa. Hawa anandikumbatira, wamtali kundiposa. Yusufu ananyamula sutikesi, ndipo nditaona mmene nkhope yake inasinthira atamva kulemera, ndinadziwa kuti moni wake wathera pomwepo. Njira yonse sanandifunse kuti kumeneko munkagona pati, munkadya chiyani. Ankangofunsa kuti muli chiyani umu.

M'mawa mwake tinalowa m'banki ku Limbe, ine ndi Hawa, thumba tanyamulirana uku ndi uku. Ndinavala abaya yanga yatsopano. Ndinathira kampukutu kamodzi pa kauntala mokweza kuti onse amve. Mtsikana wa pamenepo, wamng'ono ngati Hawa yemwe, anatola imodzi, kuitembenuza, n'kunena mwaulemu weniweni, ulemu umene umapweteka kuposa mwano: "Agogo, pepani, ndalama zakunja zachitsulo sitilandira. Timalandira zamapepala zokha." Ndinati itanani akuluakulu. Anabwera wa taye, ananena zomwezo. Akuti ndi dola ndithu, siyabodza, koma iwo alibe kokaipititsa, kuitumiza ku Amerika kungadye ndalama kuposa dolayo.

Tinalowa banki yachiwiri, yachitatu, tinalowa mosinthira ndalama muwiri. Kenaka tinapita kwa anyamata a panja aja amanong'ona kuti dola, randi, dola, randi. Mmodzi anailuma ndi dzino, anzake akuseka. "Mayi, dola ndi pepala. Awa ndi mabatani a jekete." Wina anatilozera kwa bambo wogula zitsulo zakutha. Ameneyo anakoleka thumba langa pa sikelo yomwe amayezera mapoto obooka, n'kutchula mtengo wosakwana ngakhale thiransipoti yobwerera ku Ntaja. Ndinakhala pansi pafumbi, ndi abaya yanga yatsopanoyo. Hawa ndi amene anandidzutsa, akuti anthu akutiona.

Ndinamuimbira Bwana Gari. Anayankha bwinobwino, anamva chisoni, akuti sole Mama, sole kwambiri. Akuti ku Amerika zimagwira ntchito, ndingopeza munthu wopita kumeneko. Ndinati bwana, ku Amerikako ndikwerere pati, pa Liwonde? Anaseka pang'ono, akuganiza kuti ndi nthabwala. Nditamupempha kuti andisinthire yekha, anati aona, inshallah. Mzungu akaphunzira kunena inshallah, dziwani kuti nkhani yatha. Foni yake sinayankhidwenso.

Pamudzi nkhani inafika ife tisanafike. Ena akuti Abiti Saidi, ineyo, wabwera ndi golide koma akubisa, ena akuti ndi ndalama za majini, n'chifukwa chake banki yazikana. Azimayi amene ndinkagulitsa nawo zitumbuwa ankabwera kudzandiona, maso ali pansi pa bedi. Yusufu ndiye anandiuza pamaso pa mkazi wake kuti mukanatumiza, Amayi, mukanangotumiza. Ndinafuna kumukumbutsa za malata, koma ndinazisiya. Chifukwa ananena zoona. Zimene ndinkatumiza ankadya, inde, koma nyenyeswa zinkamugwera Hawa. Zimene ndinasunga ndi nzeru zanga sanadyeko aliyense.

Ndinamugwadira mwana wobala ndekha kuti agulitse njinga yamoto ija tilipire fizi. Anati njingayo ndiye khasu lake, ana ake adya chiyani. Ndinayenda kwa abale, kumzikiti, kwa amene ndinawagulitsa dimba. Aliyense ankandiyang'ana ngati ndikumuyesa, munthu wochokera ku Dubai angapemphe? Mwezi unatha. Malo anapatsa wina. Hawa sanalire, anangopinda kalata ija n'kuiika m'buku, n'kupita kukatunga madzi. Bola akanalira, bola akananditukwana.

Patapita miyezi itatu ndinamupeza akumvetsera voisi ya Amake Taonga. Akuti kuli ntchito yokolopa m'nyumba zosungira katundu ku Dubai Investments Park, amafuna atsikana odziwa Chingerezi. Ndinakuwa, ndinati Chingerezi chimenecho si chokolopera. Hawa anangoti akagwira zaka ziwiri, asunge, adzayesenso. Inenso ndinkatero, zaka ziwiri. Ndipo tamverani izi, abale anga: ndalama za ejenti anapereka Yusufu. Njinga ija, khasu lake lija, anaigulitsa tsiku limodzi. Ya sukulu panalibe, koma yotumizira mwana kunja kuti mavoisi apeze kolowera, inapezeka. Pamenepo ndiye ndinawudziwa mudzi wanga. Sunkadikira ine, unkadikira foni kulira.

Tsiku lonyamuka ndinamuthandiza kulongedza. Atatembenuka ndinalowetsa timipukutu tinayi pansi pa zovala zake, ndikuti mwina akakumana ndi wa ku Amerika wamtima wabwino, mwina. Ananyamula chikwama, anachiika pansi, anapisa dzanja n'kutitulutsa. Anatiika m'manja mwanga, n'kutseka zala zanga ndi zake.

"Anganga, katundu amayeza pa sikelo."

Mvula yoyamba itabwera ndi mphepo, lata limodzi la kanyumba kanga linayamba kunyamuka, misomali inadzimbirira kalekale. Anzanga amaikapo miyala. Ine ndinathira madola anga m'zigoba ziwiri za penti, n'kupempha aneba akweze padenga. Akugwira bwino, lata silikusunthanso. Masana ndege ikamadutsa kutali uko ndimatuluka panja kuiyang'ana, koma sindiifunsanso kanthu. Foni ndimaisiya m'nyumba. Ikalira, ndimadziwa kuti si ine amene akundifuna, ndi Yusufu akufunsa ngati Hawa watumiza.