Amalume Bassou Afunafuna Mwini Hotela

Amalume anga, a Bassou Ait Ichou a ku Agdz, ndi mmisiri wa makoma a mdindo. Amaimika matabwa awiri, kuthira dothi lonyowa pakati pake, ndi kulisinja ndi munsi mpaka litalimba, kenako amasuntha matabwawo n'kuyambanso. Ntchitoyi anaiyamba asanamere ndevu, ndipo lero ndevuzo zayera mbee. Akazi awo anamwalira kalekale. Popeza ntchito imawayendetsa m'midzi yonse ya m'chigwa cha Draa, agonapo m'nyumba za anthu ambiri kuposa munthu wina aliyense amene ndikumudziwa, ndipo palibe nyumba imene analowamo chimanjamanja. Amanyamula buma la shuga, lija loumbidwa ngati kachulu ndi kukulungidwa m'pepala la buluu. Amalipereka m'manja mwa mwini nyumba, amamwa tiyi wake, ndipo pokhapo m'pamene amanyema buledi wa pakhomopo.

Ine ndinamaliza maphunziro a mbiri ya zaluso pa yunivesite, ndipo ndinakhoza bwino kuposa onse a m'kalasi mwathu. Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza ku Marrakech, m'nyumba yoonetseramo zaluso ya mayi Kenza Lamrani m'dera la Gueliz, kumene anandilemba mongoyesa kaye. Pokonzekera chionetsero chachikulu, ndine ndinapereka ganizo loti pakati pa holo pamangidwe khoma lenileni la mdindo, ndipo dzina la mmisiri ndinalitchula ndine. Mayi Kenza anavomera, anaitanitsa lole ya dothi, nanyamuka ulendo wa ku Casablanca. Ali pakhomo anatembenuka.

"Marouane, ndikadzabwera Lachisanu ndidzapeze khoma. Ndikadzapeza mulu wa dothi, iwe ndi dothilo mudzakwera lole imodzi."

Mayi Kenza anali atawasungitsira amalume chipinda ku hotela ya pakati pa tauni, imodzi mwa mahotela a kampani ija imene nyumba zake zimafanana kulikonse: kapeti yemweyo, fungo lomwelo, chithunzi cha ngamila chomwecho pamwamba pa bedi.

Ndinakawachingamira ku basi. Munsi wawo anali paphewa, buma la shuga lili m'khwapa. Titafika polandirira alendo, anaika shugayo patebulo, nawongola mkanjo wawo.

"Mtendere ukhale nawe, mwana wanga," anatero kwa mtsikana wa pamenepo. "Kandiitanire mwini nyumba."

Mtsikanayo anaitana manejala, amene ankamutcha mwaulemu Si Nawfal, bambo wachinyamata wa suti yothina ndi mawu ofatsa. Amalume anamugwira dzanja ndi manja awiri, anafunsa za thanzi la makolo ake, nakankhira shuga uja kwa iye.

"Nyumba yako ndi yaikulu, mwana wanga. Mulungu aidalitse."

"Zikomo, a Haji, koma si yanga. Ine ndimangoyang'anira."

Amalume anabweza shugayo kwa iwo eni. "Ndiye ndi ya bambo ako?"

"Ndi ya kampani, a Haji."

"A Kampaniwo amagona chipinda chiti?"

Si Nawfal anafotokoza mwaulemu kuti kampaniyo ili ndi mahotela otere ku Tangier, ku Agadir, ku Dubai ndi m'mizinda ina yambiri ya kutsidya kwa nyanja. Amalume anamvetsera ndi nkhope ya chisoni.

"Nyumba zonsezo? Munthuyu ali ndi akazi angati?"

Popeza dzuwa linali litapendeka ndipo anali atatopa ndi mapiri a Tichka, anavomera kugona, koma ananena momveka kuti akugona monga wapaulendo amene mdima wamugwera panjira, osati monga mlendo.

M'mawa mwake ndinawapeza m'chipinda chodyera. Anali ataima patsogolo pa matebulo a mazira, zikondamoyo, uchi ndi maolivi, manja ali kumbuyo.

"Amalume, tengani mbale. Zonsezi n'zanu."

"Wandiuza ndani?"

"Ndikukuuzani ine."

"Iwe unaphika? Taona, mphwanga, tebulo ladzaza chonchi, wonena kuti idyani palibe. Malo otere amadyapo akuba ndi majini." Anatulutsa m'thumba zipatso ziwiri za kanjedza, zotsala za paulendo, nazidya ataimirira. "Ndagona usiku umodzi ngati mbala. Wachiwiri sindigona. Ndipo munsi sindinyamula ndi njala. Dzuwa likalowa shugayu akali m'manja mwanga, ndikwera basi ya madzulo."

Ndinawapempha kuti asamukire m'chipinda changa cha lendi. Anafunsa kumene kuli mwini wake, ndipo popeza sindinama, ndinayankha kuti amakhala ku Lyon ndipo sindinamuonepo.

"Mayi ako akudziwa zimenezi?"

Ndinaganiza za mulu wa dothi umene unali kudikira ku Gueliz, ndi amuna awiri amene tinawalemba kuti azithira m'matabwa, ndipo ndinabwerera kwa Si Nawfal. Iye anayesetsa. Anatipatsa nambala ya ku likulu, ine ndinaimba, n'kupereka foni kwa amalume. Anaimirira, nachotsa chipewa cha udzu, nasiya nduwira yokha. Mawu a mkazi, ojambuliratu, analonjera.

"Ndi inunso, mayi," anayankha amalume. "Ndine Bassou, mwana wa Ichou. Ana ali bwanji? Mvula yagwa kwanuko?"

"Ngati mukufuna kusungitsa chipinda, dinani nambala wani."

"Chipinda mwandipatsa kale, Mulungu akuonjezereni. Ndikufuna bambo a m'nyumba."

Mawuwo anabwereza zomwezo m'Chifalansa, kenako munayamba kulira nyimbo. Amalume anamvetsera mpaka nyimboyo itatha ndi kuyambanso, nandibwezera foni.

"Mkazi waulemu, koma mwamuna wake wabisala. Akumubisa ndi nyimbo."

Pakhoma la m'holo yolandirira alendo panali chithunzi cha mkulu wina wa ndevu zometa bwino. Amalume anachiloza ndi chiyembekezo. Si Nawfal anati ameneyo ndiye anayambitsa kampani, koma anamwalira ife tonse tisanabadwe. Amalume anatambasula manja namupempherera, ndipo Si Nawfal, posadziwa chochita, anatambasulanso ake.

"Ndiye ndi nyumba ya amasiye. Analowa chuma ndani?"

Apa ndinaona kuti nkhani yafika pa zimene ndimazidziwa. Ndinafotokoza mwadongosolo kuti kampani yotere imagawidwa m'magawo, kuti magawowo amagulidwa ndi anthu ochuluka kwambiri m'maiko osiyanasiyana, ndi kuti aliyense wa iwo ndi mwini wa kachigawo kake.

"Wina ndi mwini chitseko, wina mwini masitepe?"

"Osati ndendende choncho, amalume."

"Usandivutitse. Ndipezere mwini bedi limene ndagonapo. Ameneyo andikwanira."

Nthawi ya swala, pemphero la masana, itadutsa, amalume anakwera kukalongedza. Ndinawatsatira m'chikepe ndikulankhula za mbiri ya banja lathu, za tsogolo langa, ndi za kufunika kwa luso la makolo m'dziko la masiku ano. Iwo ankayang'ana manambala. Titatuluka, anayamba kuyenda m'khonde lalitali lija akugogoda khoma ndi chala, monga amachitira kulikonse, n'kumapukusa mutu pomva kulira kwake kwa m'kati mopanda kanthu.

"Inu a ndevu. Mukugogoda pofuna ndani? Mulibe munthu m'menemo."

Wolankhulayo anali mayi wamfupi, wojintcha, wa mpango wobiriwira, ataima pambali pa ngolo ya nsalu zofunda. Pachifuwa pake panali dzina lakuti Mbarka, koma onse ankamutcha Lalla Mbarka, ndiko kuti Mayi Mbarka. Ndinadziwa pambuyo pake kuti ndiye mkulu wa onse osamalira zipinda, ndipo anayamba ntchito pamenepo hotelayo isanapakidwe n'komwe penti.

"Ndikumva khomali, Lalla," anatero amalume. "Ndi lopanda mimba."

"Lopanda mimba kapena la mimba, mwandidetsera makoma anga ndi zala zanuzo. Taonani mizere. Ndipo nsapato zanu zandithirira dothi kuchokera m'chikepe mpaka pano. Mwabwera ndi munda wonse?"

Amalume anaima chilili. "Mwati makoma a yani?"

Lalla Mbarka anatenga kakhadi kamene kanali kulendewera m'khosi mwake, anatsegula chitseko chimodzi, anasuzumira, anatsegula china, anakalipira mtsikana amene anali m'katimo chifukwa cha pilo wopindika, natsegula chachitatu. Amalume anayang'ana kakhadi kawo, kamene kankatsegula chitseko chimodzi chokha, ndipo nthawi zina kankakana.

Nthawi yomweyo Si Nawfal anatuluka m'chikepe kudzatitsanzika, naponda pamene panali patangokolopedwa.

"Nawfal. Maso unawasiya ku ofesi?"

"Pepani, Lalla."

"Pepani amaumitsa pansi? Dutsa m'mbali."

Manejala uja, ndi suti yake, anadutsa chonyang'ama, msana uli kukhoma. Amalume anatsitsa munsi paphewa, naugoneka pansi mosamala.

"Mphwanga, tsiku lonse wandizunguza ndi mafoni ndi akufa, mwini nyumba ali pompano."

Ndinaona kuti ndi udindo wanga kukonza mfundoyi. Ndinanong'oneza kuti mwalamulo mayiyo ndi wolembedwa ntchito ngati wina aliyense, ndipo umwini wa nyumbayo sunasinthe. Ndili pakati pa chiganizo ndinakumbukira lole ija, ndipo chiganizocho sindinachimalize.

Amalume anapita patsogolo pa ngolo, ananyamula buma la shuga ndi manja awiri, nanena dzina lawo, la bambo awo ndi la mudzi wawo. Anapepesa kuti agona m'nyumba yake osalonjera. Atsikana atatu anasuzumira m'zitseko. Lalla Mbarka anayang'ana shugayo, anayang'ana ndevu za amalume, naika manja m'chiuno.

"A Haji, ine ndine mkazi wamasiye. Mwamuna kubwera ndi shuga kwa mkazi wamasiye, pamaso pa ana awa? Kwanuko shuga salankhula za ukwati?"

"Amalankhula, Lalla. Buma limodzi limati zikomo. Zinazo amanena mabuma akabwera awiri."

Mtsikana wina anaseka, nabisa nkhope m'thaulo. Dzuwa linali litafika kale pa zenera la kumapeto kwa khonde, ndipo ine ndinkaliyang'ana ilo kuposa wina aliyense.

"Mwadya?" anafunsa Lalla Mbarka.

"Zipatso ziwiri za kanjedza."

"Kuyambira liti?"

"Kuyambira dzulo."

"M'nyumba mwanga?" Analanda shuga uja ngati akulanda mpeni kwa mwana. "Nawfal, munthu wamkulu wagona ndi njala muno iwe uli pansipo kumwetulira alendo? Vulani nsapatozo, a Haji, muzinyamule m'manja. Iwe wa magalasi, tenga mtengowo, usandikandire pansi."

Wa magalasi ndinali ine.

Anatitsitsira ku chipinda chochapira, kumene makina aakulu ankazungulira ndi kutenthetsa mpweya. Anayala nsalu yoyera pansi, anatulutsa ketulo ndi minti kuseri kwa mabotolo a sopo, naswa shuga uja ndi kanyundo kamene mwachionekere sikanali koyamba kugwira ntchitoyo. Anatuma kukhitchini, ndipo kunabwera buledi, mafuta a maolivi ndi mphodza za nyemba zimene antchito amadya okha. Si Nawfal anakhala pa chidebe chovundikira. Sanafunse ngati malamulo a kampani amalola, ndipo palibe anamukumbutsa.

"M'dzina la Mulungu, idyani," anatero Lalla Mbarka.

Amalume anadya ngati munthu amene wamva mawu amene amawadikira. Anamwa tiyi katatu, nayamikira thovu lake. Lalla Mbarka anawafunsa za ntchito yawo, ndipo atamva kuti abwera kudzamanga khoma m'kati mwa nyumba imene ili kale ndi makoma anayi, anaika kapu pansi.

"Lotchinga chiyani?"

"Palibe. Loti anthu aziliyang'ana."

"Ndiye mumange lowongoka. Mlendo wanga asakandichititse manyazi ku Gueliz."

Tinafika kuntchito dzuwa lisanalowe, ndipo amalume anayamba ndi kufinya dothi m'manja, kulinunkhiza, ndi kudzudzula amene analinyowetsa. Masiku otsatirawo munsi unamveka mpaka m'sitolo ya mafelemu ya kutsidya kwa msewu. M'mawa uliwonse asananyamuke ankatsikira ku chipinda chochapira kukalonjera, ndipo ankabwerako ndi buledi wokulunga m'chopukutira cha hotela.

Lachisanu mayi Kenza anapeza khoma. Linali lalitali kuposa munthu, lofiira, la mizere yooneka pamene thabwa lililonse linathera, ndipo linali likadali lonyowa pang'ono kumunsi. Analizungulira, analigwira, nandiuza kuti kuyambira Lolemba ndidzakhale ndi desiki yanga pafupi ndi zenera. Mawu ofotokozera khomalo, amene alendo ambiri anawayamikira, ndinalemba ndine. Amalume sanakhalitse pa mwambo wotsegulira. Anati anthu ake akuyang'ana khoma ngati likufuna kuwauza chinsinsi, ndipo iwo ali ndi mwini nyumba woti akamutsanzike.

Chionetsero chitatha, khomalo tinaligwetsa monga mwa dongosolo, ndipo dothi linakwera lole lokha. Ndinawaimbira amalume kuwadziwitsa zimenezi momveka bwino. Ngakhale zili choncho, sabata yatha ananditumizira uthenga kudzera mwa mayi anga woti ndikawachingamire ku basi, chifukwa akubwera kudzaona ngati khoma lija silinang'ambike. Anatsika atavala mkanjo watsopano, ndevu atazichepetsa. Munsi anausiya kumudzi. M'khwapa lililonse munali buma la shuga.