Sutikesi ya Madola a Adada

Ndalama za adada zinkanunkhira ngati buku latsopano la kusukulu. Makwacha amene ndinkawadziwa ine ankanunkha usipa, palafini ndi thukuta la pa mfundo ya chitenje cha amama, koma madola a ku Zimbabwe aja anali owuma, osalala, osapindidwapo ndi munthu. Fungo lake linadzaza nyumba yathu ku Ching'ambo tsiku limene adada anatsegula sutikesi yawo, chaka chatsopano chitangoyamba, mvula ikugogoda m'mabeseni amene tinkatchera pansi pa denga.

Adada ankaphika pa hotela ina ku Bulawayo kuyambira ine ndisanabadwe, ndipo ulendo uno anali atabwereratu. Amama ankakonda kunena kuti pamene ankakwatiwa dola ya kumeneko inkaposa kwacha, moti njerwa za nyumba yathu zinawotchedwa ndi ndalama zimene adada ankatumiza. Wailesi inali itanena kale kuti zinthu zavuta ku Zimbabwe, amama anamva ndithu. Koma ataona mitolo yomangidwa ndi mphira itadzaza mpaka m'makona, anati ndalama ingagwe bwanji, sutikesi yathunthu singalephere kugula malata. Denga lathu linali litabooka ngati sefa, ndipo mlongo wanga wakhanda ankatsokomola chifukwa cha chinyezi. Adada anangokhala pampando, kuyang'ana beseni likudzaza.

Ine ndinali mwana wapakamwa, amama ankanditcha wailesi ya pa Ching'ambo. Nditaona maziro atandandalika pa pepala limodzi lokha, miyendo inandiyabwa. Dzuwa lisanalowe, ana onse a mzere wathu anali atadziwa kuti adada ndi mpondamatiki, kuti tikhoma malata amtundu, ndiponso kuti ine ndigula mpira wachikopa woti aliyense wondinyoza asaukhudze.

Loweruka m'mawa amama anakabwereka wilibala kwa mmisiri wina woyandikana nafe. Mkulu wanga Khumbo, amene anali ndi mphamvu zokankhira katundu, anali atavala kale nsapato. Adada anavala jekete yawo yakuda, anatiyang'ana tonse awiri, kenako anandiloza ine. "Tiye iwe, Wongani." Ndinamutulutsira lilime Khumbo.

Tinakwera chitunda cholowera m'tauni, matope ofiira akukakamira ku tayala, sutikesi ili mu wilibala itafundidwa pulasitiki. Chifunga chinali chisanachoke m'dambo, ndipo utsi wa chimanga chowotcha unkangoyenda pansipansi. Anzanga asanu kapena kuposerapo anatilondola, poti ndinali nditawaitana kuti adzaone ndi maso. Adada anawaona, sanawathamangitse.

Sitolo ya malata inali ya Che Amini, bambo a ku Mangochi ovala kachisoti koyera, amene ankasinthanso ndalama za anthu a pa ulendo, marandi ndi mashilingi. Adada anapereka moni, anaika sutikesi pa kauntala n'kuitsegula okha. Che Amini anasolola pepala limodzi, analitembenuza, kenako anaika chala pa timalemba tating'ono tapakona.

"Achimwene, mwaliona tsiku ili? Izi zinali ndi tsiku lothera ntchito ngati mankhwala, ndipo ladutsa. Ngakhale likanakhala kuti silinadutse, sutikesi yonseyi sikanakwana msomali." Analankhula motsitsa mawu, koma m'sitolo munali anthu, ndipo mnyamata wina wonyamula simenti anaseka mpaka kugwira khoma.

"Yewo chomene," anathokoza adada m'Chitumbuka, ngati munthu amene wauzidwa njira. Anatseka sutikesi bwinobwino, maloko onse awiri.

Ine ndinkafuna nthaka ing'ambike ndilowe. Potsika chitunda wilibala inkalira kwiyo kwiyo, ndipo anzanga aja anapeka nyimbo ya mpondamatiki wopanda msomali, akuiyimba motsatira kulira kwa tayala. Ndinachita manyazi ndi jekete ya adada, ndi kayendedwe kawo kosafulumira, ndi mayankhulidwe awo osakaniza Chindebele. Ndinaganiza mumtima kuti munthu wamkulu chotere angapusitsidwe bwanji ndi mapepala. Titafika pa kamlatho ka matabwa ndinasiya wilibala pakati pa njira n'kuthamanga.

Amama ndinawapeza akuyanika zofunda zonyowa. Ndinakhuthula zonse mpweya umodzi: chala cha Che Amini, tsiku lodutsa, msomali, nyimbo. Amama anakhala pansi pa khonde, bulangete lili m'manja. Pamene adada ankafika akukankha okha wilibala, amama anali atapukuta kale m'maso. Anangoilandira n'kukaibweza kwa mwini wake, ndipo za malata sizinatchulidwenso.

Dzinja lonse lija adada ankakwera padenga ndi phula losungunula m'chitini, kumata mabowo limodzilimodzi. Mlongo wanga ankagona pansi pa tebulo, pokhapo pomwe sipankadontha. Kusukulu dzina loti Biliyoni linandikakamira, ndipo ine ndinkapewa kuyenda ndi adada pa msewu. Iwo ankationa tikusewera sitolo ndi madola aja, kugulitsana matope ndi masamba, koma sanatilande ngakhale pepala limodzi.

Ndakula tsopano, ndipo kwacha yathu nayo ndaiona ikugwa usiku umodzi, malipiro anga n'kudzuka atachepa ndili chigonere. Ndi pamene ndinayamba kuuyendanso ulendo uja m'maganizo. Munthu amene anakhala ku Bulawayo, amene ankafola pa mzere wa buledi ndi chikwama cha mapepala omwewo, sakanadikira Che Amini kuti amuuze mtengo wake. Adada ankadziwa asanakwere n'komwe basi yobwerera kwathu. Chinawakanika chinali kuyang'ana amama m'maso n'kunena ndi pakamwa pawo kuti zaka zonse zija zathera mu sutikesi ya mapepala.

Ndili mwana ndinkati adada ananditenga ine tsiku lija chifukwa ankandikonda kuposa Khumbo. Khumbo akanakankha wilibala mpaka kunyumba ali chete pambali pawo. Adada ankafuna mwana woti athamange, akauze amama zonse iwo asanafike.